Musananyamuke, Yang'anani Woyenda Naye

Ana anga a ku Sakubva, ku Dangamvura ndi ku Chikanga, ndi inu a m'makomboni a ku Penhalonga, makamaka inu adzukulu a anthu amene adabwera kuno kuchokera ku Malawi, ku Tete ndi ku Chipata, tcherani khutu tikambirane za filimu ya zidole. Ena mudabwa kuti munthu wa imvi akutayiranji nthawi ndi makatuni pamene ntchito zikusowa ndipo ufa ukukwera mtengo. Dekhani pang'ono. Filimu imene ndikunenayi idapangidwa m'dziko lomwe lino la Zimbabwe, ndipo ikukamba za ulendo, chinthu chimene ambiri a inu mumagona mukuchilingalira. Wina mtima uli ku Joni, wina akufuna kuwoloka malire pa chipata cha Forbes kukatenga mabelo a kaunjika ku Chimoio kapena ku Beira, wina wamva kuti golide watuluka paphiri lakutilakuti. Dzina la filimuyo ndi The Legend of the Sky Kingdom. Idatuluka mu 2003, idapangidwira ku Harare ndi kampani ya Sunrise Productions, woitsogolera adali Roger Hawkins, ndipo nkhani yake idachokera m'buku la ana limene adalemba Phil Cunningham. Ikusimba za ana amasiye atatu, Blockhead, Lucky ndi Squidge, amene adali akapolo mumzinda wa pansi pa nthaka wolamulidwa ndi mfumu yankhanza. Anawo adathawa n'kuyamba kufunafuna ufumu wa kumwamba umene ankangoumva mbiri, ndipo panjira adakumana ndi zoopsa zambiri. Chimene ndikufuna muchione n'chakuti wolemba nkhaniyo sadatulutse mwana mmodzi m'dzenjemo. Adatulutsa atatu, panjira n'kuwaonjezera ena. Malangizo anga agona pamenepo: musanafunse kuti ulendowo ukulowera kuti ndipo kuli ndalama zingati, yambani mwafunsa kuti mukuyenda ndi yani.

Kapangidwe ka filimuyi kakunenanso zomwezo. Anthu, nyama ndi nyumba za m'menemo zidapangidwa ndi zinthu zotayidwa, zitini, mawaya, zidutswa za makina akufa, zinthu zimene mumaziponda tsiku ndi tsiku pa Sakubva Musika. Luso lake ndi lomwe lija la mwana wopinda galimoto ya mawaya n'kuiveka matayala a zitini za polishi. Koma kuti chidole cha waya chioneke ngati chikuyenda, pamafunika kuleza mtima kwakukulu. Munthu amaimika chidolecho patsogolo pa kamera, kujambula chithunzi chimodzi, kusuntha mkono wake pang'ono zedi, kujambulanso, kusunthanso. Pa sekondi imodzi ya kanema wa mtundu umenewu pamalowa zithunzi 12, nthawi zina 24. Werengani nokha: pa zithunzi 12, mphindi imodzi ndi zithunzi 720, ola limodzi ndi 43,200. Wina akangogunda tebulo kapena kusuntha nyale, ntchito ya tsiku lonse yawonongeka. Ndiye pamafunika wopanga zidole, womanga malo ochitikira nkhani, woyang'anira kuwala, wa mawu ndi wa nyimbo, ndipo aliyense ayenera kukhulupirira kuti mnzake sanyozera gawo lake. Akulu anu angakuuzeni kuti 2003 chidali chaka chotani muno: mizere ya petulo, ndalama kusowa m'mabanki mpaka banki yaikulu kutulutsa ma bearer cheque, mitengo kukwera ndi maperesenti oposa 500 pofika kumapeto kwa chakacho. Kagulu kochepa ka anthu kadapirira limodzi m'nyengo yotero mpaka filimu yoposa ola limodzi idatheka, ndipo lero imatchulidwa pakati pa mafilimu aatali a makatuni oyambirira kupangidwa mu Africa muno.

Phunziroli agogo anu ndi makolo awo adalichita ndi mapazi kanema asanabwere. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna a ku Nyasaland ankanyamuka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay kudzafuna ntchito m'migodi ndi m'mafamu a Southern Rhodesia, chifukwa kwawo msonkho unkafuna ndalama koma kozipeza kudali kosowa. Oyambirirawo adayenda wapansi milungu yambiri, kudutsa dera la Tete, kuwoloka Zambezi, kugona m'tchire mwa zilombo. Munthu wanzeru sankanyamuka yekha. Ankadikirana mpaka gulu likwane, ndipo pagulupo pankakhala wina amene adayendapo kale, wodziwa pomwe pali madzi ndiponso migodi yoyenera kuilambalala chifukwa cha nkhanza zake. Ena adabwera pambuyo, m'nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963, pa malole ndi pa sitima. Atafika ku Penhalonga, ku njanji ya Umtali (Mutare wa lero), kapena m'minda ya tiyi ya ku Honde Valley ndi ku Chipinge, adapeza kuti malume ali kutali, nyakwawa kulibe, mwini mbumba wokuima kumbuyo pamlandu kulibenso. Adapanga mabungwe a maliro, aliyense kuponya kangachepe mwezi ndi mwezi, kuti mnzawo akamwalira asaikidwe popanda womulira. Mchewa, Myao, Mtonga ndi Msena, amene kwawo sakadadziwana n'komwe, adasanduka abale pakomboni. Wolemba mbiri Charles van Onselen, m'buku lake Chibaro la 1976, adafotokoza kuwawa kwa moyo wa m'makomboni a migodi ndi njira zimene antchito ankapirira nazo. Ambiri a inu muli ndi moyo mu Mutare lero chifukwa winawake amene sadali m'bale wa agogo anu adawagawira ufa panjira kapena adawadikira miyendo itatupa. Machona ambiri sadabwererenso kwawo, koma sadasowe owaika.

Wina anena kuti, agogo, zimenezo tamva, koma makatuni ndi za ana, ife takula. Makolo athu sankaona choncho. Nthano zinkasimbidwa madzulo pamoto ntchito zitatha, ndipo akulu ankakhala pomwepo. M'nthanomo nyama zinkalankhula, Kalulu ankapusitsa Njovu ndi Fisi, mayi wosowa mwana adaumba Kamdothi, amene ankasewera ndi anzake koma mitambo ikada ankayenera kuthawira m'nyumba. Palibe wamkulu amene ankakhulupirira kuti dothi lingathamange. Ankadziwa kuti zinthu zina zowawa, monga kusowa mwana kapena kutaya mwana, zimalowa bwino mumtima zikadzera m'nthano. Kumbukiraninso m'mene nthano inkayendera: wosimba akanena, omvera ankayankha kuti tili tonse, ndipo akasiya kuyankha nayenso ankaima. Filimu ya zidole ndi nthano yomweyo, yangosamuka pamoto kupita pagalasi la foni. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti masiku ano aliyense amaonera payekha, zomvetsera zili m'makutu, popanda womufunsa kuti watolapo chiyani. Woonera choncho amatsala ndi mitundu yowala ndi phokoso, mfundo yeniyeni itamudutsa.

Kuti muone bwino ntchito ya bwenzi lenileni, tengani filimu ina yochokera kutali ku Japan, ya Hayao Miyazaki, yotchedwa Spirited Away, imene idatuluka mu 2001 n'kulandira mphoto ya Oscar mu 2003. Mtsikana wa zaka 10, Chihiro, adasochera ndi makolo ake n'kulowa m'dziko la mizimu. Makolowo adaona chakudya chopanda mwini, adadya mwadyera, n'kusanduka nkhumba. Mwanayo adatsala yekha, ndipo kuti apulumuke adayenera kupempha ntchito kwa mfiti Yubaba, mwini nyumba yosambiramo mizimu. Pomulemba ntchito, mfitiyo idamulanda dzina n'kumupatsa lina lalifupi, Sen, chifukwa woiwala dzina lake sapezanso njira yobwerera kwawo. Amene adamuthandiza ndi mnyamata Haku, yemwe adamuchenjeza kuti asunge dzina lake lenileni ndipo adamupatsa chakudya ali kulira ndi mantha. Padalinso Lin, mtsikana wantchito amene adamutenga ngati mng'ono wake pa ntchito yokolopa ndi kutsuka, ndi nkhalamba Kamaji wosonkha moto wotenthetsa madzi, amene adamupatsa matikiti a sitima omwe adawasunga zaka zambiri. Chihiro adalibe ndodo yamatsenga. Adali ndi manja ogwira ntchito ndi mtima wosaiwala amene adamuchitira zabwino. Pali malo amodzi m'filimuyi amene ndikufuna mnyamata aliyense wa ku Manicaland awaonere kawiri. Mzimu wina wopanda nkhope udayamba kutulutsa golide m'manja mwake. Antchito a m'nyumbamo adaunjikana, kuuthamangira ndi mbale za chakudya, kuutamanda, mpaka udayamba kuwameza. Utatambasulira Chihiro golide wodzaza manja awiri, mwanayo adakana, chifukwa Haku adali atavulala ndipo iye ankathamangira kukamupulumutsa. Pambuyo pake golide uja adasanduka dothi. Ndipo pamapeto ndi Chihiro amene adakumbutsa Haku dzina limene mwini wakeyo adaliiwala, onse awiri n'kumasuka.

Nkhani ya dzina si yachilendo kwa inu. Mabanja ambiri ochokera ku Malawi adasintha mayina kapena kuleka kulankhula Chichewa kunja kwa nyumba pothawa kunyozedwa kuti ndi mabwidi, anthu opanda kwawo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri obadwira muno, amene makolo awo adachokera m'mayiko oyandikana, adapezeka akuwerengedwa ngati alendo ndipo adataya mwayi wovota. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 adakonza zambiri: adavomereza kuti amene adabadwira muno kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, ndipo ankakhala muno, ndi nzika, ndiponso adaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Komabe pepala silichotsa manyazi amene adalowa kale mumtima. Amene amathandiza kuwachotsa ndi mnzanu wa Chimanyika uja amene amadziwa kuti agogo anu adachokera ku Dedza, amabwera pamaliro a kwanu n'kuonera gule wamkulu mwaulemu, ndipo sakufulatirani tsiku limene ena ayamba kukusekani. Ameneyo mugwiritseni. Wokukondani pokhapokha mutabisa kumene mudachokera akugwira ntchito ya Yubaba ija, ngakhale azimwetulira.

Pali chotsutsa china chimene sindingachipeputse. Mnyamata amene adakhalapo kumigodi anganene kuti mafilimu amanama, chifukwa kumeneko wokupweteka amakhala mnzako yemweyo. Akunena zimene adaona. Nkhani ya dayamondi itamveka ku Chiadzwa, m'dera la Marange, mu 2006, achinyamata ambirimbiri a mu Mutare adasiya sukulu ndi ntchito n'kuthamangira ku Marange m'timagulu, ndipo zimene zidachitika kumeneko mu 2008 zidasiya maliro m'mabanja ambiri. Bungwe la Human Rights Watch lidalemba kuti anthu oposa 200 adaphedwa. Kwa makorokoza, okumba golide pawokha, timamva za anthu otemana ndi zikwanje polimbirana thumba la miyala, ndi za wogulitsa mobisa n'kuuza anzake kuti sadapeze kanthu. Ambiri amene adagwa m'mankhwala ozunguza bongo a mutoriro kapena bronco adalawitsidwa koyamba ndi munthu amene ankamutcha mnzawo. Zonsezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake ndatenga cholembera. Koma taonani zimene zimachitika padzenje penipenipo. Wolowa pansi amamanga chingwe m'chiuno, tochi pamphumi, nyundo ndi tchizulo m'thumba, n'kutsika mumdima. Pamwamba pamatsala munthu wogwira chopukusira chingwe. Ameneyo akapita kumowa, akagona, kapena akathawa atamva kuti apolisi akubwera, wapansiyo watha. Choncho zoti ndidalire munthu kapena ndisadalire sizifunsidwanso, chifukwa ukangolowa m'dzenje wadalira kale. Chotsala n'kudziwa amene wagwira chingwecho. Mu Januwale 2024 mgodi wa Redwing ku Penhalonga utagumuka, anthu 15 adatsekeredwa pansi masiku angapo, achibale awo akudikira pamwamba, ndipo mwamwayi onse adatuluka amoyo. Mwayi wotero subwera kawirikawiri, ndipo ine ndikadakonda mutatalikirana nawo maenje osatetezekawo. Ndikungoti ngakhale kumene chinyengo chachuluka chotero, moyo wa munthu umakhalabe m'manja mwa mnzake, ndiye kusankha mnzakoyo si nkhani yamasewera.

Nanga woyenda naye mumamudziwa bwanji? Patsiku la ulendo mwachedwa kale. Mumamudziwa pa tinthu tating'ono ta pakhomo pano. Mukagwira ganyu awiri, ndalama amawerengera poyera kapena amayamba watembenuka? Mukamubwereka foni kapena njinga, imabwera ili bwanji? Za mnzake amene palibe amalankhula zotani? Kodi adayamba wakuletsanipo chinthu chimene munkachifuna kwambiri, n'kulolera kuti mumukwiyire? Kodi amayi anu amamudziwa, ndipo iye amadziwa khomo la kwanu kuti zitavuta akanene? Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mafilimu ubwenzi umapsa msanga chifukwa nkhani yonse iyenera kutha madzulo amodzi, ndipo apa ndi pomwe kanema amasiyana ndi moyo. Munthu amene mwadziwana naye pa WhatsApp sabata yatha, amene akulonjeza ntchito ku Johannesburg kapena ku Oman, akuti musauze aliyense ndipo akufuna akusungireni pasipoti, sadayesedwe pa chilichonse. Inu atsikana, chenjezo ili likukukhudzani koposa. Mafunso omwewa mudzifunsenso eni ake, chifukwa nanunso pali amene akukuyang'anani kuti aone ngati angakusiyireni chingwe.

Makolo ena a mumpingo amaletsa ana mafilimu otere, ati muli matsenga ndi mizimu. Nkhawa yawo ndimailemekeza, ndipo si filimu iliyonse imene ili yoyenera mwana wamng'ono; kholo liyambe laonera lokha. Koma The Legend of the Sky Kingdom ndi fanizo la chikhulupiriro, la mtundu wa buku lija la John Bunyan la 1678 lonena za ulendo wa Mkhristu, momwe nayenso wapaulendoyo adapatsidwa anzake apanjira. Matsenga amene ine ndimawaopa ali m'mitu ya anyamata ouzidwa kuti pali mankhwala oitanira golide kapena chizimba cholemeretsa usiku umodzi, ndipo mukudziwa kuti zizimba zoterozo amati zimafuna kuti upweteke munthu wako wapafupi. Nthano zabwino zimalimbana ndi maganizo amenewo. M'menemo wofuna njira yachidule ndi amene amasanduka nkhumba kapena kumezedwa, ndipo wofika ndi uja adakolopa, adayenda wapansi, adabwerera kukatenga mnzake wotsalira.

Palinso odandaula kuti mafilimuwa si athu, poti ina ndi ya ku Japan, ndipo inayo, ngakhale idapangidwira ku Harare, ili m'Chingerezi ndipo oitsogolera adali azungu a muno. Dandaulo limeneli lili ndi mutu, ndipo mankhwala ake n'kupanga zathu. Ena ayamba kale. Malenga Mulendema wa ku Zambia adayambitsa Supa Team 4, nkhani ya atsikana anayi a ku Lusaka, imene idayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023. Chaka chomwecho Pious Nyenyewa ndi Tafadzwa Hove a muno adatulutsa Mukudzei, kafilimu ka mnyamata amene adaipitsa makoma a Great Zimbabwe n'kupezeka ali m'dziko lina, m'gulu la mafilimu la Kizazi Moto pa Disney+. Kampani ija ya Sunrise Productions idasamukira ku Cape Town, ndipo Brent Dawes, amene adagwira nawo ntchito pa zidole za zinyalala zija, adatsogolera Jungle Beat: The Movie mu 2020. Foni imene ili m'thumba mwanu ili ndi kamera yokwanira kujambula chidole chithunzi chimodzichimodzi, ndipo mapulogalamu aulere olumikiza zithunzizo alipo. Mawaya ndi zitini zili ponseponse. Chimene chikufunika ndi anthu anayi kapena asanu oti afike pa nthawi yomwe adagwirizana, Loweruka lililonse, mpaka ntchito ithe. Nkhani yake muli nayo, ndipo palibe angaisimbe kuposa inu: anyamata atatu onyamuka ku Ntcheu wapansi, kuwoloka Zambezi, mpaka kudzaona nyale za Umtali ali pamwamba pa Christmas Pass. Ikhale m'Chichewa, ndi Chimanyika pomwe chikufunika, monga mumalankhulira pakhomo.

Ndiye ana anga, funani filimu ya ana atatu aja muionere pamodzi, ang'ono anu alipo, agogo alipo, foni imodzi pakati. Ikatha afunseni agogowo kuti paulendo wawo adayenda ndi yani, ndipo mayinawo muwalembe, chifukwa owakumbukira atsala ochepa. Wina akadzabwera ndi nkhani ya ulendo wonyamuka mawa m'bandakucha, muuzeni kuti ayambe wafika kwanu adzaonane ndi makolo anu. Akakana, musapite.